Dzungu la Amayi Linapita ku Joni

Lachisanu, kumapeto kwa Malichi.

Ndikulemba nditakhala pa chitsa kuseri kwa chigafa, kope lili pabondo. Bambo ndi achimwene akusoka fodya mkatimo, ndipo akuganiza kuti ndikuwerengera mayeso a zaulimi. Sindikuwanamiza kwenikweni. Zimene ndikulembazi ndi zaulimi ndithu, kungoti sizidzabwera pa mayeso.

Lero amayi alawa dzungu lija. Koma ndikayambira pamenepo nkhani isokonekera, ndiye ndiyambe ndi mmene ndinachokera pano.

Ndinali nditangomaliza Fomu 2, chaka chimene matalala anaboola fodya yense wa bambo. Amayi aang'ono, amene anali atakhala ku Joni zaka zambiri, anabwera kudzaona mudzi ndipo anapeza ndikungokhala.

"Mwanayu ndipatseni," anatero. "Kumene kuja mabwana amafuna wantchito wosalongolola. Uyutu ngakhale mutamuponda phazi amayamba ndi iyeyo kupepesa."

Sanandinamizire. Ine ndinabadwa pakamwa pali polemera. M'kalasi yankho ndimatha kulidziwa, koma mkono umakana kukwera. Zimene ndalephera kunena masana ndimazilemba kumapeto kwa kope, ndiye makope anga onse amatha mbali ziwiri.

Tsopano za dzungu. Amayi kwawo ndi ku Ntchisi, kuseri kwa phiri. Atatengedwa kubwera kuno kwa Dzoole anabwera ndi mphika, Baibulo ndi nthanga za dzungu la kwawo. Dzungulo ndi lozungulira, lophwatalala ngati nkhata, lamizeremizere, mkati mwake mofiira. Limafumbutuka kwambiri moti ukalidya popanda madzi pafupi umatsamwa. Mudzi wonse umalitchula kuti dzungu la a Nachisale. Ku Ntchisi komweko linatha kalekale amalume atasandutsa munda wonse kukhala wa mbatatesi, choncho linatsala kwa amayi okha.

Amayi ndi munthu wopatsa. Ndi a chigwirizano kutchalitchi, pamaliro amafika oyamba, mchere sakaniza. Koma akafuna kupatsa munthu dzungu limeneli, ankayamba alidula pakati, n'kukomba nthanga zonse ndi supuni, kenako n'kulipereka akumwetulira.

Tsiku loti ndinyamuka mawa lake anatenga siketi yanga yabuluu, anaphwasula mpendero, nasokeramo nthanga zisanu ndi zinayi.

"Mwana wamkazi sachoka pakhomo wopanda mbewu," anatero akuluma ulusi. "Kumene ukafike ukadzale. Ukamadya nkhwani wa kwanu sudzaiwala njira. Koma usakapatse munthu, wamva?"

Basi inayenda masiku atatu. Pa chipata chilichonse cha dziko ndinkagwira mpenderowo mwamphamvu, kuopa kuti andigwira ndi katundu woletsedwa. Palibe anandifunsa. Amene anaona ndi mayi wina wonenepa amene ndinakhala naye mpando umodzi. Titawoloka mlatho wa ku Tete anandinong'oneza:

"Mwanawe, chithumwa sagwiragwira choncho. Chimasuluka."

Ndinachita manyazi kumuuza kuti ndi nthanga, ndiye ndinangoti, "Zikomo, amayi."

Ku Joni tinkakhala akazi asanu m'kachipinda kamodzi kuseri kwa nyumba ya munthu. Matilesi awiri, mbaula ya magetsi imodzi, chingwe choyanika zovala chodutsa pamwamba pa mitu. Zonsezo ndinazolowera msanga. Chimene chinandisowetsa mtendere n'chakuti panalibe dothi. Bwalo lonse linali la simenti, kuchokera pakhomo mpaka kumpanda. Panja pa mpanda panali phula. Ntchito yanga yoyamba inali yolera mwana m'nyumba yosanja, pa nsanja yachinayi, kumene ngakhale nyerere sizinkafika.

Ndinatola chitini cha penti, ndinapala dothi m'mbali mwa msewu ndi supuni, n'kudzalamo nthanga ziwiri. Zinamera bwinobwino, timasamba tiwiritiwiri. Koma unali mwezi wa Meyi, ndipo palibe anandiuza kuti chisanu cha kumeneko si cha ku Dowa kuno. Kuno chimangokulumaluma m'makutu. Kumene kuja chimapha. M'mawa wina ndinapeza mbande zanga zitagona, zakuda ngati zawauka ndi moto.

Zinatsala zisanu ndi ziwiri. Ndinaziika m'kabotolo ka mafuta odzola, pashelefu ya pamwamba.

Mwa akazi asanu aja munali asisi Lavunesi a kwa Chisepo, munthu wansangala, woseka ndi thupi lonse, amene kamwa lawo silinkakhala lopanda kanthu. Lamlungu lina ndikuchokera kutchalitchi ndinamva fungo pakhomo pomwe. Fungo la kwathu. Ndinapeza asisi atakhala pamatilesi, akutafuna, maso atatsinzina.

"Iwe Mwanawasukulu, ndiwe woipa mtima," anatero. "Kubisa nthanga chonsecho anzako tikufa ndi mabanzi? Ndakazinga zinayi zokha. Zinazo ndakusiyira, usati ndine wadyera."

Ndinayang'ana m'kabotolo. Zitatu. Ndinafuna kulira, ndinafuna kukuwa, koma chimene chinatuluka ndi chakuti, "Mchere unakwana?"

"Unakwana bwino," anatero asisi.

Miyezi inapita. Kangachepe kamene ndinkapeza ndinkatumiza kumudzi, ndipo bambo anayamba kugula malata limodzilimodzi. Mvula itagwa kuno, amayi anaimba foni. Sanayambe ndi moni.

"Zija ndidakusokera zija zilipo?"

"Zilipo, amayi."

"Zonse?"

"Zitatu."

Kenako anandiuza. Achimwene anali atabwereka chopopera mankhwala ophera udzu, ati masiku ano anthu ozindikira sapalira ndi khasu. Anapopera munda wonse wa chimanga amayi ali ku maliro ku Ntchisi. Mankhwala aja sasankha. Udzu unafa, nyemba zinafa, maungu onse amene amayi anadzala pakati pa mizere anafa. Ndipo chaka chimenecho anali atadzala nthanga zonse, chifukwa zoyamba zinafukulidwa ndi mbewa. Anayenda khomo ndi khomo kufunsa ngati wina ali nazo. Aliyense ankawayankha mofanana: "Tizitenga kuti, a Nachisale? Si inu mumakomba ndi supuni?"

"Ndiye wamva," anatero amayi. "Dzungu la amayi anga latsala m'manja mwako. Malata ngakhale usatumize. Koma usadzatsike basi kuno popanda mbewu yanga."

Kuyambira tsiku limenelo, Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ndinkayenda kusaka dothi. Nthanga zitatu zija ndinazisokeranso mumpendero, kuopa asisi.

Ndinaona zambiri. Ndinapeza munda waukulu wa boma, wamaluwa okhaokha, mitengo yake iliyonse ili ndi chikwangwani cha dzina ngati odwala m'chipatala. Dothi lake lakuda bii, lofewa. Ndinagwada kuti ndilikhudze, mlonda anaimba wezulo. Ndinapeza sitolo ya mbewu imene inali ndi khoma lonse la timapaketi tazithunzi: kaloti wofiirira, tomato wachikasu, nyemba zamawangamawanga. Ndinaima pamenepo ndikuwerenga paketi iliyonse kutsogolo ndi kumbuyo mpaka wogulitsa anayamba kundilondola pang'onopang'ono ngati mphaka. Za maungu zinalipo mitundu yambiri, koma la amayi panalibe.

M'sitolo momwemo ndinaona chinthu chimene bambo mpaka lero sakhulupirira. Amagulitsa dothi. Dothi lenileni, m'matumba osindikiza bwino. Pambali pake panali ndowe za ng'ombe, nazonso m'matumba, pali chithunzi cha ng'ombe ikuseka. Nditawauza pafoni bambo anati, "Mwanawe, wayamba kumwa?"

Tsiku lina ndinakwera minibasi yolakwika ndipo inanditsitsa kumapeto kwa tauni. Pamenepo panali chikwangwani cha nazale. Kwa ine nazale ndi mabedi a fodya kudimba, ofunditsidwa udzu, othirira ndi kheni m'mamawa. Iyi inali ndi denga la ukonde wobiriwira, tingolo tokankha, ndi malo omwera tiyi. Azungu ankayenda pakati pa timiphika akuloza. Ndinayandikira kuti ndione chimene akulimbirana. Nkhadze. Nkhadze yomwe ija timatchingira khola, ili mumphika wopaka utoto. Pafupi pake khonje.

Ndinazungulira kuseri, kunja kwa waya. Kumeneko ndinaona mulu wa manyowa wautali kuposa nkhokwe, ukufuka nthunzi. Ndinagwira waya ndi manja awiri ndipo ndinalankhula ndekha mokweza osadziwa:

"Dothi lonseli likungokhala!"

"Likungokhala bwanji? Likupsa limenelo."

Ndinalumpha. Kuseri kwa muluwo kunatuluka bambo wachikulire wamfupi, atavala ovolosi ndi chipewa chong'ambika. Anali a Zuze, kapitawo wa pamenepo, kwawo ku Angonia, kungodumpha malire a ku Dedza. Chinenero chathu chomwechi.

"Udachokera kuti, mwana wanga?"

"Ku Dowa."

"Ndiye khasu umalidziwa. Ubwere Lolemba. Madamu akufuna wopalira."

Lolemba Madamu, mwini nazale, mzungu wamtali wowauka ndi dzuwa, ananditengera ku bedi lalitali nanena kuti ndipalire. Ndinayang'ana bedilo, ndinamva chisoni. Udzu unali utakula mpaka m'chiuno, wina utachita kutulutsa ngayaye zoyera. Pansi pake, mopanikizika, munali bonongwe wonenepa ndi chisoso chanthete. Ndinati mumtima, anthu awa ndiwo zawo zikufa akuona. Ndinavula juzi. Pofika nthawi ya nkhomaliro udzu wonse ndinali nditazula ndi mizu yomwe, nditaunjika bwino pambali. Bonongwe ndi chisoso ndinazisiya zitaima poyera, chilichonse ndachiunjikira kadothi patsinde.

Madamu atabwera anagwira mutu ndi manja awiri. A Zuze anabwera akuthamanga, anayang'ana bedi, anayang'ana mulu wa udzu, kenako anakhala mu wilibala n'kuyamba kuseka mpaka misozi.

"Mwana wanga," anatero akupukuta m'maso, "wazula katundu, wasiya zinyalala. Udzuwu ndiye amagulitsa. Phata limodzi ukhoza kudyera sabata."

"Udzu?"

"Udzu. Amadzala pakhomo n'kumauyang'ana."

Madzulo onse ndinakhalira kubwezera udzu m'nthaka, phata ndi phata, n'kumauthirira. Ine mwana wa mlimi, kuthirira udzu! Ndinapemphera kuti bambo asadzamve. Sanandichotse ntchito. Madamu anauza a Zuze kuti chibadwire sanaone munthu wopalira mwaukhondo choncho, kungoti mozondoka. Bonongwe uja antchito anagawana, ndipo tsiku limenelo ndinapeza abale ambiri: a ku Zimbabwe, a ku Mozambiki, a kwathu konkuno. Masana tinkakhala pansi pa mtengo umodzi, aliyense atatsegula kambale kake pakati, zinenero zitasakanikirana ngati nyemba za pamsika. Wina akadwala tinkamugwirira mabedi ake Madamu osadziwa. Patapita miyezi iwiri ndinawapezera malo asisi Lavunesi, poti ntchito yawo yochapa inali itatha. Ndinaganiza kuti ndachita bwino.

Kutayamba kufunda, mu Okutobala, ndinaphwasula mpendero. Kuseri kwa mulu wa manyowa, kumene makasitomala safika, ndinakumba maenje atatu. Nthanga imodzi sinamere, inali itakalamba. Ina inamera, koma wotchetcha kapinga anaidutsa ndi makina ake akuimba nyimbo. Inatsala imodzi.

Imodziyo inakula ngati ikudziwa. Inayanga, inakwera mulu, masamba ake aakulu ngati mbale zodyera alendo. Ndipo pamenepo ndi pamene vuto linayambira, chifukwa pa anthu onse a pansi pa mtengo paja panalibe ndi mmodzi yemwe amene kwawo sadya nkhwani. Ndikabwera m'mawa ndinkapeza masamba achepa. Masana m'timbale mwa anthu munkaoneka zobiriwira, ndipo onse ankatafuna akuyang'ana kumwamba.

Kunena ndinalephera. Ndinalemba pa katoni kuti CHONDE MUSATHYOLE, ndinaimika pamtengo. Mawa lake ndinapeza asisi Lavunesi atakhalira katoniyo, ati pansi pali chinyezi.

Loweruka lina ndikukankha wilibala ndinawaona. Asisi atawerama pa dzungu langa, jumbo ili m'manja. Masamba okha ndikanapirira. Koma dzanja lawo linali pa nsonga imene inali ndi duwa loyamba lokhala ndi kadzungu kunsi kwake, kakang'ono ngati dzira la njiwa.

Sindikudziwa kumene mawu anachokera.

"Asisi! Chotsani dzanja! Munadya zinayi, sindinanene kanthu! Mchere munathira wanga! Limenelo ndi dzungu la amayi anga, la agogo anga, latsala lokhali padziko lonse lapansi! Mukalithyola ndikuthyolani inuyo!"

Nazale yonse inaima. Azungu a kumalo a tiyi anatembenuka makapu ali m'mwamba. Galu wa Madamu anathawira pansi pa galimoto. Asisi anaponya jumbo pansi, anakhala pa manyowa.

"Mayo ine," anatero. "Kodi umalankhula?"

Madamu anafika. Anaona dzungu litaphimba theka la mulu wawo, anafunsa kuti wadzala ndani, ndipo anauza a Zuze kuti alizule. A Zuze sanasunthe. Anangondiyang'ana, kundiloza ndi chibwano kuti nena wekha.

Ndinanena. Chingerezi changa cha Fomu 2 ndinachiyala chonse ngati chimangirizo cha pa mayeso: mawu oyamba, thunthu, mawu omaliza. Ndinanena za Ntchisi, za supuni, za achimwene ndi chopopera, za chitini cha penti. Nditamaliza Madamu anandiuza kuti duwa lofiira limene lili pakhomo pa ofesi yawo, limene sagulitsa ngakhale munthu atalonjeza zingati, analitenga pa famu ya mayi awo famuyo isanagulitsidwe. Anapita mu ofesi, anabwera ndi kachikwangwani koyera kaja amabaya m'miphika, analembapo kuti osakhudza, n'kubaya patsinde pa dzungu langa.

Kuyambira pamenepo asisi Lavunesi anasanduka mlonda. Munthu akangoyandikira ankakuwa, "Choka apo! Ukufuna Mwanawasukulu akuthyole?"

Linabereka awiri. Ozungulira, ophwatalala, amizeremizere, enieni a amayi. Mzimayi wina wogula maluwa anaona limodzi nafuna kuligula. Ndinamufunsa kudzera mwa a Zuze ngati amadziwa kaphikidwe kake. Ati saphika, akaliika patebulo kuti alendo azikaliona. Ndinalikumbatira n'kukalibisa m'shedi.

Tsiku limene ndinadula loyamba, onse a pansi pa mtengo analawa, ndipo asisi anatsamwa mpaka tinawamenya pamsana. Ine ndinali kutsuka nthanga, ndikuziyanika pa nyuzipepala, mtima uli mbee. A Zuze anabwera n'kunjuta pambali panga.

"Maluwa udamanga?"

"Kumanga bwanji?"

Analoza ndi chipewa kutsidya kwa waya. Kumeneko munthu wina ankalima maungu aja a makosi ataliatali, amene kumeneko amati batanati. Munda wonse.

"Njuchi sizifunsa pasipoti, mwana wanga. Zimachoka uko, zimabwera kuno, miyendo ili mbuu."

"Koma taonani, a Zuze, latuluka lozungulira ngati la amayi."

"Mayi amaoneka bwino nthawi zonse. Mwana ndiye amaulula bambo wake."

Anandionetsa pa maluwa otsalira mmene amachitira. Madzulo umasankha duwa lachikazi, lija lili ndi kadzungu kunsi, limene litsegule mawa, n'kulimanga kukamwa ndi ulusi. Umamanganso lachimuna la pa mbewu yomweyo. M'mamawa njuchi zisanadzuke umathyola lachimunalo, kulisenda, kulikhudzitsa mkati mwa lachikazi, n'kumanganso. Ndinaphunzira bwino. Koma kunali kutayamba kuzizira, ndipo timaungu ta maluwa amenewo tinayoyoka tisanakule.

"Mwina njuchi za kuno n'zaulesi," ndinatero.

"Mwina," anatero a Zuze, akuyang'ana kumbali.

Ndinabwerera kumudzi chisanu chitatha, malata atakwana, bambo atanena kuti ndibwere ndidzamalize sukulu. Ndinanyamula mabulangete awiri, nsapato za bambo, ndi nthanga zodzaza sokosi. Asisi Lavunesi anandiperekeza kokwerera basi akulira mokweza, kenako anandipempha nthanga khumi zokha zoti azikatafuna pobwerera. Ndinawapatsa mabisiketi.

Kuno ndinapeza zinthu zitasuntha. Achimwene anakwatira, ali ndi njinga yamoto ya kabaza, ndipo chopopera sachitchulanso. Mng'ono wanga amene ndinamusiya akundifika m'khwapa tsopano amandiyang'ana pamutu. Anthu anabwera kudzaona chimene matchona abweretsa, ndipo ataona sokosi anabalalika msanga. Amayi okha ndi amene sanayang'ane mabulangete. Anakhuthulira nthanga m'lichero, anazipapasa, ananunkhiza, kenako analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Atatuluka maso anali ofiira.

Za njuchi sindinanene. Ndinati ndinena mawa. Mawa linakhala mawa.

Kenako amayi anachita chinthu chimene sindinachiyembekezere. Pa msonkhano wa chigwirizano anaimirira, lichero lili m'manja.

"Azimayi anzanga, Mulungu wandidzudzula. Ndinkakomba ndi supuni, ndipo ndidatsala pang'ono kutaya mbewu ya amayi anga. Lero aliyense atenge. Likadzatha kwa ine, lidzapezeke kwa inu."

Anaimba nyimbo, ena analira. Mudzi wonse unadzala dzungu la a Nachisale. Ine ndinabwerera ku Fomu 3, wamkulu kuposa onse m'kalasi, ana akunditchula kuti a Joni. Tsiku limene aphunzitsi anajambula duwa ndi njuchi pa bolodi ndinangowerama, maso ali pa desiki.

Mu Febuluwale azimayi anayamba kufika pakhomo mmodzimmodzi.

"Odi, a Nachisale! Dzungu lanu lija latani kodi? Kwanga latuluka khosi ngati kakowa."

"Kwanga likuoneka ngati chipanda chotungira mowa. Abusa adutsa dzulo, andiyang'ana kawiri."

"Langa ana akuti ndi gitala."

Amayi anapita kumunda kwathu, anavundukula masamba mzere ndi mzere. Makosi okhaokha. Ena owongoka, ena opindika ngati ndodo ya ambulera. Atabwerera anandipeza ndikutsuka mbale.

"Iwe. Dzungu langa lidakaonana ndi ndani ku Joni?"

Ndinafotokoza zonse, maso ali m'beseni. Bambo anali pakhonde akusoka thumba, ndipo anaseka mpaka singano inagwa.

"Ndimanena ine! Ku Joni n'koopsa. Ngakhale dzungu labwerako ndi ana osadziwika bambo wawo!"

"Inu thokozani Mulungu kuti ndi dzungu," anatero amayi. Bambo anatola singano yawo mwakachetechete.

Kuyambira tsiku limenelo amayi sanalitchulenso kuti langa. Ankati alendo a ku Joni aja. Ine sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Ankangodutsa pamunda osayang'anako. Ndinkaganiza za nthanga zisanu ndi zinayi, za masiku atatu a m'basi, za mawu anga onse amene ndinawathera pa asisi Lavunesi, n'kumati zonsezo ndabweretsa gitala.

Lero pochokera kusukulu ndinadzera kumunda, ndipo ndinathyola limodzi lokhwima, la khosi lalitali kuposa onse. Ndinaliphika ndekha, madzi pang'ono, mchere pang'ono, masamba ake pamwamba monga amachitira amayi. Ndinaika chidutswa m'mbale, ndinagwada, ndinawapatsa. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Alendo sakanidwa," anatero. Ananyema, anaika m'kamwa.

Anatafuna kamodzi, kawiri. Kenako maso anatuzuka. Anayamba kudziguguda pachifuwa, dzanja lina likukupiza m'mwamba.

"Madzi! Iwe, madzi!"

Ndinathamanga ndi kapu, theka linatayikira m'njira. Anamwa, anapuma, anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Kenako ananyemanso china, chachikulu kuposa choyamba.

"Ndi lomwe lija," anatero pakamwa pali podzaza. "Nkhope ndi ya eni ake, koma mkatimu ndi amayi anga enieni." Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Zopita ku Joni zimabwera choncho, kaya. Khala pansi udye. Bweretsa madzi ena."

Tinadya awiriwiri mpaka mbale inayera. Bambo anatumiza mng'ono wanga kudzafunsa ngati gitala yatsalako.

Pali china chimene sindinawauze, koma ichi chokha si chobisa mwamantha. Pothyola dzungu lija ndinafika mpaka pa chulu cha kumapeto kwa munda, kumene ndinataya nthanga zotsalira osaziwerengera. Pamenepo pali phata limodzi lokha limene ana ake ndi ozungulira, ophwatalala, amizeremizere. Njuchi ina ya ku Joni inali yaulesi ndithu. Likadali ndi maluwa. Koma lazunguliridwa ndi makosi mbali zonse, ndipo njuchi za kwa Dzoole nazonso sizifunsa pasipoti. Ndiye dzuwa lisanalowe ndinabwererako ndi ulusi umene ndinasolola pa mpendero wa siketi yabuluu ija. Ndamanga maluwa anayi, awiri achikazi, awiri achimuna.

Ndikhoza kukachita ndekha, palibe angadziwe. Koma mbewu ndi ya amayi, ndipo tsiku lina ine ndidzachokanso pakhomo pano. Vuto ndi limodzi. Kuti ndiwaphunzitse, ndiyenera kuima pamaso pa amayi anga ondibereka, a chigwirizano, n'kuwafotokozera kuti ili ndi lachimuna, ili ndi lachikazi, ndipo timatenga ili n'kulichititsa chakuti. Ndayeserera katatu kuseri kwa chigafa kuno, ndipo katatu konse makutu atentha.

Mawa ndidzuka njuchi zisanadzuke. Ndikagogoda pa chitseko cha amayi, ndikawauza kuti atenge chitenje chofunda, tipite ku chulu. Ndipo ndikanena zonse, mokweza, maso ali pa duwa.